Tsiku Limene Ndinapita Kutchire Chimanjamanja

Dzina langa ndi Tionenji, koma ku Warren Park kuno mukafunsa dzina limenelo mudzazungulira mpaka miyendo kutupa. Funsani kuti amayi a Effie, aja a mutu wophwatalala pamwamba. Mutu umenewu sindinabadwe nawo chonchi ayi, unaphwatalala ndi katundu.

Ndinayamba ndi kamtsuko kwathu ku Ntcheu, mano akutsogolo asanamere n'komwe. Kenaka mitolo ya nkhuni, madengu a chimanga, thumba la kuchigayo. A Fackson, bambo a Effie, atabwera kudzandikwatira n'kunditengera kuno ku Harare, ndinkati basi ndapuma, ndikupita kutauni. Kupuma kwake kuti? Titangotsika sitima, sutikesi yawo inakwera pamutu panga, iwo ali patsogolo manja m'thumba, akundilozera nyumba zosanja ngati anamanga ndi iwo.

Iwo anapeza ntchito kufakitale ya magalimoto ku Willowvale, komwe phokoso la zitsulo linawatseka makutu pang'onopang'ono. Ine ndinalowa ntchito yolera ana kwa Azungu. Ana onse a adona anga anakulira pamsana pangapa, ndipo atakula n'kubereka, ana awonso anapeza msana womwewu ukuwadikira. Effie wanga yekha ndiye anakulira kumsana kwa anthu ena.

Nkhondo itatha, dziko litakhala Zimbabwe, adona anayamba kachizolowezi kena. Kum'mawa kwa tauni kuli nkhalango ya mitengo imene Ashona amati misasa, yofanana ndi mombo wa kwathu. Anthu ena anaitchinga ndi waya, n'kuikamo mbidzi ndi nswala, n'kulambula tinjira toyendamo. Lamlungu masana banja lonse linkapita kumeneko kukangoyenda. Kungoyenda basi, osati kuti akupita kwa munthu. Iwo patsogolo, ine pambuyo: kumsana mdzukulu wawo, pamutu basiketi ya zakudya, dzanja ili fulasiki, dzanja ili mphasa. Adona ankacheuka n'kunena kuti, "Tiyo, taona mbidzi." Ndikati nditembenuze khosi, basiketi n'kupendekeka. Mbidzi za m'menemo ndinkazidziwa ndowe zake zokha, chifukwa maso anga anali panjira kuopa kupunthwa ndi mwana wa eni.

Chimene chinkandidya mumtima sichinali galimoto yawo kapena nyumba yawo. Anali manja a adona. Ankangolendewera m'mbali, ili kutsogolo, ili kumbuyo, opanda ngakhale kachitsotso. Ndinkawachitira nsanje manja amenewo, nsanje yeniyeni. Ndinkadzifunsa kuti kodi munthu amamva bwanji kulowa m'tchire n'kutulukamo osasenza kanthu.

Adona atasamukira ku Joni ndi banja lawo lonse, ntchito inatha, ndipo ife tinali titangopatsidwa kanyumba kathu kano. Tsiku lina ndikuyanika zovala, ndinauza mnansi wanga, mayi Dinah a ku Katete, kuti ine ndisanafe ndidzalowa m'nkhalango ija pageti ngati mlendo, ndidzaona nyama ndi maso anga, ndipo ndidzafika pakhomo pano chimanjamanja.

Mayi Dinah anaseka mpaka anagwira waya woyanikapo zovala kuti asagwe.

"Inu amayi a Effie? Inu amene pochokera kumaliro a bambo Yosiya munabwera ndi chitsa pamutu?"

"Chinali panjira chimenecho," ndinatero.

"Nanga m'nkhalangomo mulibe njira? Munthu wamkazi kuchoka kutchire manja ali lende, anthu adzati mwadwala. Ine ndidzakhala pampanda pano, ndidzaone."

Nkhani inafala mumsewu monse, mpaka amayi a Mvano anayamba kundifunsa potuluka m'tchalitchi kuti ulendo wachizungu uja ndi liti. Pamenepo kubwerera m'mbuyo kunalibenso.

A Fackson nditawauza, anayamba ayerekeza kuti sanamve. Makutu awo aja amadziwa nthawi yake yotsekera. Nditabwereza mokweza anati, "Tikalipire kuti tione mitengo? Ine ku Ntcheu ndinathawa mitengo." Lamlungu lotsatira, titachoka kutchalitchi, ndinawapeza avala kale chipewa, akundidikira pakhomo.

Munali mu Disembala, mvula itagwa kale kangapo. Tinakwera basi mpaka m'tauni, n'kukweranso ina. Kachikwama ndinasiya kunyumba dala, ngakhale mpango wa m'manja sindinatenge. Pageti a Fackson analipira nkhope ili gwa, wogulitsa matikiti n'kundiuza kuti, "Muyende bwino, amayi." Ine mtima unachita kudumpha, chifukwa pageti limenelo kale palibe ankandilankhula, ankalankhula ndi adona.

Mayesero anayamba tisanapite patali. M'mbali mwa njira munali nthambi youma, yowongoka, yosadyedwa ndi chiswe, nkhuni yoti ingawiritse nyemba mpaka kupsa. Sindikumbuka kuwerama ine. Ndinangozindikira ili m'manja mwanga, ndikuiyesa kulemera. Ndinaiponya ngati ndagwira njoka, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati mayi Dinah abisala m'tchiremo.

Titapita patsogolo pang'ono, masuku. Anali mbwee pansi, akupsa, ena ataphulika okha, fungo lake lokha lotha kumugwetsa munthu. Kutsogolo kwake bowa, woyera, waukulu ngati mbale, wangotuluka kumene. Mayo ine, anthu amenewa anaika dala zinthu zimenezi panjira kuti andiyese? Ndinalowetsa manja m'khwapa, n'kuwapanikiza, n'kumayenda nditakweza mapewa.

"Mukumva kuzizira?" a Fackson anafunsa. "Ndi malungo?"

"Ndikusangalala," ndinawayankha mokwiya.

Ndinati ndiyesere kagwedezedwe ka manja ka adona. Zinthu zimaoneka zophweka munthu wina akamachita. Anga ankapita onse kutsogolo nthawi imodzi, n'kubwerera onse kumbuyo, ngati ndikupeta. A Fackson anaima n'kundiyang'ana nthawi yaitali, koma poti ndi munthu wofuna mtendere, anangopitiriza kuyenda.

Kenaka mitengo inatha, tinatulukira padambo, ndipo mbidzi zinali apo. Ndinatembenuza khosi, palibe chinapendekeka. Ndinalitembenuzanso mbali inayo, dala, kungofuna kumva mmene limayendera. Zinali zonenepa, mizere yake yowala ngati yochapidwa ndi sopo, kamwana kakuyamwa uku mayi wake akudya udzu osasamala. Patali pang'ono panali nyamalikiti, mutu uli pamwamba pa mtengo, akubudula nsonga pang'onopang'ono ngati gogo wopanda mano. Ndinayang'ana m'mwamba mpaka duku linatsetsereka. Masamba anali obiriwira mpaka kuwala, mbalame zikulira zamitundumitundu. Ndinasangalala, anthu inu. Ndinasangalala ngati mwana, mpaka ndinagwira a Fackson pamkono pagulu, chinthu chimene sindinachitepo chikwatiwire.

Pamene tinalowanso m'mitengo ndi pamene ndinamva kulira kwa mwana. Kulira kumeneko ndimakudziwa, sikunali kwa njala kapena kwa thewera, kunali kwa tulo. Titakhota tinapeza mayi wachitsikana, munthu wakuda ngati ife, koma wa thalauzi ndi magalasi a dzuwa, aja anayamba kulowa m'nyumba zosiyidwa ndi Azungu. Kangolo kokankhiramo mwana kanali katakodwa m'mizu, mwamuna wake ali patsogolo uko ndi kamera, iye akuvutika kunyamula mwana ndi dzanja limodzi uku akukoka kangoloko ndi linalo. Thukuta linali kamukamu, ndipo ankaoneka kuti naye watsala pang'ono kulira.

Atandiona anapumira m'mwamba, n'kundilankhula m'Chishona. "Sisi, tandigwirireniko mwanayu pang'ono, ndichotse kangoloka." Sisi ndi mmene kuno amaitanira wantchito wa m'nyumba. Sindikudziwa kuti anaona chiyani pa ine, mwina mutu womwewu.

Pakamwa panga panayamba kukonza mawu oti pepani mwanangu, lero ine ndine mlendo. Anali mawu abwino ndithu. Koma pamene pakamwa pankakonza, msana unali utawerama kale, manja amasula kale chitenje, mwana wakwera. Ndinamanga mfundo pachifuwa, n'kumugwedeza kawiri, kamwanako zii, kanagona.

"Wagona," mayiyo ananong'ona, maso ali tong'o. "Chiyambire m'mawa sanagone. Tisamudzutse, sisi, chonde. Tingoyenda chomwecho mpaka pageti."

A Fackson anakhosomola. "Amayi a Effie," anatero, ndi mawu awo okweza a kufakitale.

"Tsitsani mawu, mukufuna mwana adzuke?" ndinawakalipira. Ine ndemwe, ndi pakamwa pangapa.

Tinayamba kuyenda. Kangolo kankakodwabe chifukwa cha chikwama cha matewera chimene chinali m'menemo, ndiye ndinati bweretsani kuno, n'kuchiika pamutu. Palibe anandiuza. Botolo la mkaka linkagwagwa, ndinalitenganso. Mwamuna uja anabwera n'kutenga kangolo, ndipo mayiyo, atapepukidwa, anatsogola manja akulendewera, ili kutsogolo, ili kumbuyo. Iye anangodziwa kachitidwe kake osaphunzira. Anali mwana wabwino, wothokoza, sindinganame. Anacheuka n'kunena kuti, "Sisi, taonani nswala." Ndinati nditembenuze khosi, chikwama n'kupendekeka.

Nsapato zimene ndinabwereka kwa Effie zinayamba kundiluma zidendene. Kulemera kwa mwana kunkakankhira mapazi pansi, matuza n'kutuluka, n'kuphulika. Ndinangoluma mano, maso panjira.

Pageti lotulukira panali a Petros a ku Chipata, mlonda wakale amene ankandiona masiku a adona. Atandiona nkhope yawo inawala.

"Mayi Tiyo, ndinu? Mwapeza malo ena eti? Mulungu ndi wabwino. Ndinkakudandaulani Azungu anu atapita, ndinkati mayi uja adya chiyani. Awa akuoneka anthu abwino, musawataye."

Ankanena ndi mtima wabwino bambo amenewo. Ndinaseka nawo n'kunena kuti, "Eya, ndi abwino." Ndikanati chiyani, mwana ali kumsana, chikwama chili pamutu?

Pagalimoto ndinatsitsa mwana ali m'tulo. Mayi uja anathokoza mobwerezabwereza, n'kutulutsa thumba la malalanje kundipatsa. Mphatso sakana, ndiye ndinapinda bondo n'kulandira ndi manja awiri monga anandiphunzitsira amayi anga. Galimoto itachoka ndinavula nsapato zija, magazi ali m'zidendene, n'kuima pamsewu, dzanja ili malalanje, dzanja ili nsapato.

M'basi yoyamba ndinkaseka ndekha. M'basi yachiwiri kuseka kunatha. Ndinkangoganiza kuti chitsiru ndine, palibe anandikakamiza, palibe dona, palibe bwana, dziko ndi lathu, geti ndalowa ndi tikiti, koma msana wanga sunamve kuti ufulu unabwera. Ndinamva chisoni chachikulu, ndi manyazi pamwamba pake. A Fackson ankangoyang'ana pawindo.

Tinatsika dzuwa likupendeka. Msewu wathu unali wodzaza monga umakhalira Lamlungu madzulo: amuna akusewera bawo pansi pa mtengo pafupi ndi sitolo, ana akuthamangitsana, amayi ali m'mipanda. Patali ndinaona duku lofiira la mayi Dinah, ali pampanda monga ananenera. Ndinakweza malalanje kuti ndiike pamutu, poti zinali zitatha kale.

A Fackson anandigwira dzanja. Anatenga thumba lija, n'kuvula chipewa, n'kuliika padazi pawo. Linagwa, malalanje awiri n'kugubudukira mungalande. Anatola, n'kuikanso, n'kuligwirira ndi dzanja limodzi. Ndi dzanja linalo anatenga nsapato zija, nsapato zachikazi zazitali kumbuyo, n'kuzikoleka kuzala.

"Bambo a Effie, anthu akuona," ndinatero.

Ulendo uno makutu awo sanamvedi, kapena anasankha kusamva. Amuna a pabawo anali atayamba kale. Wina anaimba mluzu, wina anafuula kuti a Fackson adyetsedwa mankhwala, wina anafunsa ngati mawa abwera kuntchito atavala diresi. Munthu amene moyo wake wonse sananyamulepo ngakhale mtolo wa masamba pamaso pa anzake anaima pakati pa msewu, khosi likunjenjemera ndi malalanje, nkhope ili gwa ngati ali pamaliro.

"Tsogolani, amayi a Effie," anatero mokweza, msewu wonse n'kumva. "Musafulumire."

Ndinatsogola, wopanda nsapato, fumbi likulowa m'zilonda. Ndinadutsa sitolo, ndinadutsa pabawo, ndinadutsa mpanda wa mayi Dinah, kumbuyo kwanga anthu akuseka mwamuna wanga. Manja ndinasowa powaika, ndiye ndinangopukutira misozi mpaka kufika pakhomo.