Chimanga cha Amayi ku Mtsutso wa ku Limbe

Ndinanyamuka ku Chirimba m'mamawa Loweruka, m'thumba la siketi muli njere za chimanga zodzaza dzanja. Chinali chaka cha njala ija, mwezi wa Novembala, mitambo itayamba kuunjikana pa Michiru. Mbewu yathu ya makolo tinali titaikazinga kalekale mu Febuluwale, mwezi womwe ine ndinasiya sukulu ndili Folomu 3. Chifukwa chake musandifunse, mukuchidziwa.

Chimene tinali nacho chinali ndowa imodzi. Malume anga, amene ankatsitsa matumba ku Makata, ankasesa chimanga chotayika pansi n'kumatibweretsera. Amayi ankasankhamo njere zazikulu n'kuzibisa kuti tidzabzale. Kenako wailesi inayamba kulengeza kuti chimanga cha thandizo chochokera kunja ndi cha GMO, akatswiri anachisintha chibadwa, ndipo chiyenera kugayidwa chisanafike kwa anthu kuti wina asachibzale. Pa mjigo anthu anawonjezera zawo: ati chimapha nthaka, ati mwamuna akachidya sabereka. Malume sankadziwa kuti chathucho chinatayika m'thumba liti. Mvula ikagwa, tibzale kapena tisabzale? Funso linali lomweli basi.

Wailesi yomweyo inati ku holo ina ku Limbe kuli mtsutso wa nkhaniyi, achinyamata onse akuitanidwa kuti boma limve maganizo awo.

"Pita ukafunse, Tadala," anatero amayi. "Iwe Chingelezi umamva. Utengeko pang'ono akachione okha."

Minibasi ya ku tauni inali K15. Tinakhala anayi pampando wa anthu atatu, ndipo kondakitala anapitiriza kukuwa kuti kwatsala malo a munthu mmodzi. Pambali panga panali bambo wachikulire, thumba lopanda kanthu atalipinda pamiyendo. Ankapita kukasaka madeya m'zigayo.

"Mwatchenatu, mwana wanga. Kuli ntchito kumeneko?"

"Ayi, bambo. Ndikupita kumene akutsutsana za chimanga."

"Chimanga amatsutsana nacho? Akachigonjetsa mundiuze kumene akachitaye."

Minibasi yonse inaseka. Iwo sanaseke.

M'tauni ndinatsika amwenye akutsegula masitolo. Pa windo la sitolo ina anali atayala mapaketi a mbewu ya haibulidi. Ndinayang'ana mtengo kamodzi kokha n'kupitirira. Pafupi ndi msika ndinagula chinangwa chophika kwa mayi wina amene anandithirira mchere ngati akundichitira chifundo chachikulu. Ndinadyera panjira, ana opemphapempha akuyang'ana pakamwa panga, alonda a mabanki akuyang'ana anawo.

Minibasi ya ku Limbe inali K20. Pa siteji ya chipatala chachikulu panatsika amayi onyamula mafulasiki ndi mbale zomanga m'nsalu, ndipo minibasi inapepuka. Tinadutsa Chichiri, dalaivala akutukwana aliyense woyenda pang'onopang'ono, mpaka tinalowa m'Limbe dzuwa litayamba kuwawa.

Holoyo sinali yovuta kuipeza. Panja panali mabasi a sukulu ndi chinsalu chachikulu cha Chingelezi chonena kuti mawu a achinyamata ndi ofunika. Pakhomo panali mlonda wa chibonga.

"Sukulu yanji, sisi?"

"Sindili pa sukulu."

"Ndiye mwabwera ngati ndani?"

"Ngati wachinyamata. Pa wailesi sananene za yunifolomu."

Anandiyang'ana kuyambira pa patapata mpaka kumutu, kenako anandilozera benchi ya kumbuyo kwenikweni, kumene madalaivala a mabasi aja ankawodzera.

Zimene ndinaona kenako sindinaziiwale. Wotsogolera mwambo, bambo wa tayi yofiira, anaitana atsogoleri a magulu awiri, natulutsa khobidi, naliponya m'mwamba. Khobidi ndi limene linasankha kuti sukulu iti ikonde chimanga cha GMO, iti ichide. Amene linawagwera kuti achikonde anayamba pomwepo kuchikonda ndi mtima wonse. Mnyamata wina anamenya tebulo, akuti chimanga chimenechi chithetsa njala mu Africa muno. Belu linalira. Kunaimirira mtsikana wa mbali inayo, akuti ndi poizoni, makampani akunja akufuna kutigwira pakhosi. Ndinamuzindikira. Anali Memory, amene tinkakhala desiki imodzi. Oweruza atatu ankalemba mamalikisi, ndipo holo inkaomba m'manja kwambiri munthu akatchula liwu lalitali osapunthwa.

Pa nthawi yopuma anagawa masikono ndi zakumwa. Sikono ndinalandira, sindinama. Memory anandiona n'kubwera.

"Iii, Tadala, uliko? Wandimva mmene ndawaswera?"

"Ndakumva. Ndiye chimangachi ndi poizonidi?"

"Aa, ife tinakonzekera mbali zonse ziwiri. Khobidi likanagwa kwina ndikanachiyamikira."

"Nanga iweyo ukuganiza chiyani?"

"Iwe, ndi mtsutso chabe uwu. Ife tikufuna chikho."

Sindinamukwiyire. Ndikanakhala ndi yunifolomu, nanenso ndikanafuna chikho.

Itakwana nthawi ya mafunso, bambo wa tayi uja anati alandira ochepa chifukwa alendo olemekezeka ali ndi zochita zina. Ndinakweza dzanja. Maso ake ankathera pa mabenchi a mayunifolomu. Nditatopa ndinangoimirira, n'kuyenda mpaka pakati pa holo, n'kutulutsa chimanga chija. Chingelezi chonse chimene amayi ananditumira chinathawa, ndinalankhula Chichewa.

"Kwathu kuli ndowa ya chimanga ngati ichi. Mbewu ina tilibe. Mvula ili pafupi. Tibzale kapena tisabzale?"

Ena anaseka. Wotsogolera anamwetulira ngati akulankhula ndi wodwala.

"Funso labwino, achemwali, koma silili pa mutu wathu. Pano tikukambirana za malamulo oyendetsera sayansi imeneyi."

"Malamulowo ndi amene ndikufunsa. Tikabzala mutimanga? Tikapanda kubzala mutipatsa ina?"

Kusekako kunatha. Mwana wogwira belu anayang'ana aphunzitsi ake, kenako analiza. Ndinabwerera pa benchi ya madalaivala. Chikho chinapita kwa a Memory, ndipo mkulu wina wa suti anathokoza achinyamata, nati maganizo athu awamva ndipo akawapereka kumene akuyenera kupita. Maganizo ake ati, a mbali iti ya khobidi, sananene.

Panja, ndikufuna kuwoloka msewu, wina anandigwira paphewa. Anali mayi wa magalasi, mmodzi wa oweruza aja, amene anati amagwira ntchito yofufuza za mbewu. Anandipempha njerezo, nazitembenuza pachikhatho.

"Ndi maso sindingadziwe ngati ndi cha GMO," anatero. "Palibe angadziwe ndi maso. Pamafunika makina, ndipo mvula siingakudikireni."

"Ndiye mwatiitaniranji?"

Funso limenelo analilumpha. "Kudya idyani, za pa mjigo zisiyeni. Kubzala ndi nkhani ina. Mungu wake ukhoza kulowa m'minda ya anzanu. Komanso chimanga chochokera kutali sichidziwa nyengo ya kuno, mwina sichibereka bwino."

"Mwina?"

"Mwina. Boma likuti musabzale."

"Nanga inuyo mukuti bwanji?"

"Ine ndikanafuna mbewu ina."

"Ina palibe."

"Ndikudziwa, mwanawe."

Anandibwezera njere zanga zonse, ngakhale imene inamatirira pa chala chake. Tsiku lonse lija, ndi iye yekha amene sananamizire kudziwa.

Pobwerera ndalama inandifikitsa pa Chichiri pokha. Kuchokera apo ndinayenda wapansi kudzera ku Makata. Malole ofundidwa malona anali atandandalika pa zipata, ndipo m'mbali mwa msewu munali amayi ndi ana, aliyense ndi tsache ndi kabeseni, akudikira kuti lole igwedezeke. Anali ambiri kuposa ife tonse a mu holo muja. Ndinafunsa mmodzi ngati chimene akutolacho akagayitsa.

"Chosweka tigayitsa," anatero osadzutsa mutu. "Chathunthu ndi mbewu."

Mvula inandipeza ndisanatuluke m'Makata. Sinali yowaza, inali yeniyeni, yobzalira, yonunkhiritsa dothi. Anthu amene ndinakumana nawo panjira anati ku Chirimba inayamba masana. Ndinathamanga, patapata m'manja, ndikukonza m'mutu mmene ndikafotokozere amayi za mungu ndi makina.

Ndinafika madzulo, nyumba ili yotseka. Sindinafunse aliyense. Ndinakwera chitunda kupita ku kamunda kathu ka m'munsi mwa Michiru, ndipo ndinawapeza amayi atawerama pamzere womaliza, chitenje chili chonyowa, ndowa ili chafufumimba pambali.

"Akuti bwanji?" anafunsa, khasu lisanaime.

"Akuti sakudziwa. Boma likuti tisabzale."

"Apereka ina?"

"Ayi."

Anawongoka, napukuta madzi kumaso. "Anachisale a munda wa kumtundawu ndawagawirako mbale imodzi, nawonso analibe. Bweretsa zili m'thumbazo, mapando atsala."

Ndinaima pamenepo ndi zonse zimene ndinamva ku Limbe. Ulendo wonse uja ndinaphunzira chinthu chimodzi: amene amatiitana kuti tikalankhule amakhala atakonza kale mutu, belu ndi chikho, pamene nkhani yeniyeni ikugamulidwa ndi khasu, ndi anthu amene sanaitanidwe. Ngati mukufunadi maganizo a achinyamata pa mbewu zimenezi, yambani mwatifunsa chimene chili m'ndowa kwathu.

Njere zinali zitafufuma ndi mvula m'thumba muja. Ndinaziponya m'mapando, amayi akukwirira m'mbuyo mwanga ndi chidendene.