Mchenga mu Alitaneta

Amuna anga anayamba kugontha pang'onopang'ono, ndipo woyamba kudziwa ndinali ine. Wailesi kwathu ku Katawa, mu Mzuzu, inkalira mpaka anzathu a nyumba yoyandikana kudandaula. Kutchalitchi abusa akanena choseketsa, iwo ankaseka anthu atamaliza kale. Ndikawafunsa ankandikalipira, ati ndimalankhulira m'mphuno. Ine, m'mphuno!

Akanakhala ogulitsa kaunjika sindikanadandaula. Koma anali makaniko wa kandege ka kampani ina yaing'ono, konyamula odwala kuchokera kuzilumba, ndipo ntchito yawo inkafuna khutu. M'kandegemo muli alitaneta, chipangizo chopanga magetsi, ndipo mkati mwake muli maberingi, timipira tachitsulo tozungulira m'girisi. Anandifotokozera okha tili achinyamata, podzitama: maberingi akagwira, lamba amaduka, batire imatha, woyendetsa n'kutsala m'mitambo wopanda wailesi, wosadziwa kumene kuli phiri. Ndipo mitambo ya Mzuzu sichita masewera. Ikakhala pa phiri la Kaning'ina imaiwala kuchoka.

Kenaka anayamba kundiuza kuti ndiziwapititsira chakudya kubwalo la ndege, munthu amene zaka zonsezi ankanyamula yekha kontena yake. Ndikafika ankachotsa lamba, n'kuzunguza kagudumu ka alitaneta ndi dzanja.

"Tayandikirani, mayi. Mukumva chiyani?" ankatero moseka, ngati nthabwala.

"Palibe."

"Basitu, ili bwino."

Sitinakambiranepo nkhaniyi. Ine ndinkadziwa, iwonso ankadziwa kuti ndikudziwa. Ntchito imeneyi inali moyo wawo wonse, ndipo bwana akanamva, kukanakhala kutha kwake. Koma mantha ankandidya. Kandegeko kakadutsa pamwamba pa nyumba yathu ndinkasiya kuchapa, manja ali thovu lokhalokha, mpaka phokoso lake litazimirira.

Tsiku lina, mvumbi utagwa kwa masiku ambiri kandege kali panja, ndinapeza woyendetsa wake ali pomwepo. Anali mtsikana wa ku Nkhata Bay, msinkhu wa mwana wathu woyamba. Anali pachangu, chifukwa kuchilumba kunali mayi woyembekezera amene zinthu zinamuvuta.

"Mwatandala uli, amama?" anandilonjera. Kenaka anatembenukira kwa amuna anga. "Adada, ndinyamuke?"

Pamaso pa mtsikanayo sakanatha kundifunsa. Anazunguza kagudumu kaja okha, n'kupendeketsa mutu, nkhope ili yaukatswiri ndithu. Ine ndinali chiimire ndi kontena m'manja, ndipo ndinamva. Kaphokoso kakang'ono kouma, ngati mchenga pansi pa mphika ukamatsukidwa. Ndinali ndisanakamvepo.

"Ili bwino, mwana wanga," anatero iwo, akutola lamba.

Ndinayang'ana kumapiri: mbuu, osaoneka ndi mtengo womwe. Ndinasendera pafupi n'kunong'ona: "Bambo, ikulira." Anapitiriza kumanga lamba. Ndinabwereza mokwezako pang'ono. Ayi ndithu. Ndinawakoka ovolosi, iwo n'kundikutumula dzanja, kuganiza kuti ndikuwakakamiza kudya. Kalanga ine, kunong'oneza munthu wosamva! Mtsikanayo anali atatsegula kale chitseko, mwendo umodzi uli m'kati. Kuti amuna anga amve, panalibe njira ina koma yoti iyenso amve.

"Bambo! Ikulira! Muli mchenga m'menemo!"

Ndinakuwa ngati ndili pamsika. Mtsikanayo anatsika. Anawapempha mwaulemu kuti achotsenso lamba, n'kuzunguza yekha, khutu lili pafupi. Nkhope yake inasintha. Kenaka anasiya kuyang'ana alitaneta, n'kuyang'ana iwo.

"Adada, zoona simukumva?" anafunsa motsitsa mawu.

Amuna anga ankangoyang'ana milomo yake.

Atatsegula alitaneta anapeza kuti chinyezi chinalowa, girisi atasanduka wofiira ndi dzimbiri. Kandege sikananyamuke. Mtsikanayo anaimba foni, ndege ina yochokera ku Lilongwe inakatenga wodwala uja. "Yewo chomene, amama," anandithokoza, koma maso ake anali pansi. Anapitanso pambali kukaimbira bwana wake, ndipo tonse tinadziwa chimene akukanena.

Amuna anga anapukuta masipanala awo limodzilimodzi, n'kuvula ovolosi, n'kuipinda bwinobwino. Chakudya sanachikhudze. Tinabwerera ku Katawa wapansi m'mvumbi womwewo, iwo patsogolo, ine pambuyo. Mumtima ndinali ndi mkwiyo, ndinalinso ndi chisoni chosaneneka. Titayandikira kwathu ndinawaitana, mokweza ndithu, kawiri konse. Sanacheuke. Mpaka lero sindidziwa ngati sanamve.