Kumbusko ndi Tsamba la Mpingo

Kumbusko Mhango sankadya chakudya choti wina wamusungira. Ukamupatsa moni ukusekerera kwambiri, ankayamba wakuyang'ana m'manja. Ndinagwira naye ntchito mu 1999 ku Ginnery Corner, pa kakampani ka a Abbas komwe ine ndinkataipa ndi kuyankha mafoni, ndipo ndineneretu kuti munthuyu ankanditopetsa.

Kumene anazitenga ndikukudziwa. Bambo ake ankaphunzitsa ku Chilomoni, ndipo nthawi ya chipani chimodzi, aphunzitsi a kumpoto atauzidwa kuti abwerere kwawo, banja lonse linakwera lole ya ku Rumphi. Aneba amene anawathandiza kukweza katundu ndi omwewo amene analowa m'nyumbamo mawa lake. Kumbusko anabwereranso ku Blantyre matipate atabwera, nachita lendi ku Machinjiri, koma sanakhulupirirenso munthu.

Ntchito yake inali yosamalira seva, kompyuta imene inkasunga masamba a pa intaneti a makasitomala athu: malo ogona alendo, ogulitsa tiyi, ndi mpingo wina wa ku Zingwangwa umene unkafuna kuti ana ake okhala kunja aziwerenga nkhani za kwawo. Sevayo ankaidziwa ngati mmene mayi amadziwira chifuwa cha mwana wake. Zinthu zinasokonekera a Abbas atalemba ntchito Jameson wa ku Bangwe, wa mumpingo womwewo, kuti aziika nkhani pamasamba, n'kunena poyera kuti chaka chikamatha asunga mmodzi yekha mwa awiriwo. Kuyambira tsiku limenelo, Jameson akangotsokomola, Kumbusko ankati akumukumbira dzenje.

M'mawa wina Jameson analawirira, atavala jekete lakuda, n'kulowa m'chipinda cha seva. Kumbusko atafika, Jameson anamutsatira mpaka pampando kuti amuuze kanthu, koma mnzakeyo anamupatsa nkhongo, akuti alibe nthawi ya macheza. Jameson anaima pang'ono, kenako anakatsanzika kwa a Abbas kuti akupita kumaliro.

Kumbusko anali ndi chizolowezi chotsegula masamba onse limodzilimodzi kuti aone ngati akugwira. Atafika pa tsamba la nkhani za mpingo, makina anakana, akuti n'koletsedwa. Anazimitsa pulogalamu ya seva n'kuyatsanso, sizinasinthe. Anaona ngati tsambalo lafufutidwa, linalipo ndithu. Ndiye anatsegula failo ya malamulo, imene imauza seva kuti uyu alowe, uyu asalowe, n'kupezamo mizere yoti sanalembe iye, yotsekera aliyense tsambalo. Anandiitana kuti ndikhale mboni, nkhope ili ngweee ngati wagwira mbava pankhuku. Ndinamuuza kuti bwanji adikire Jameson, amene ankamuganizirayo, abwere adzafotokoze.

“Ndidikire kuti a Abbas aone kaye kuti makina anga afa? Iwe Petronela, anthu suwadziwa.”

Anachotsa mizere ija, n'kuyatsanso seva, tsamba n'kutseguka. Zimene zinalembedwapo analibe nazo ntchito. Iye masamba sankawawerenga, ankangoona ngati atseguka. Mpaka masana ndinkangomumva akuimba mluzu.

Jameson anatulukira mwadzidzidzi chakumadzulo, fumbi lili m'maondo, n'kutifotokozera ataimirira. Omwalirawo anali a Kachingwe, mkulu wa mpingo. Mwana wawo Dorcas, namwino ku Mangalande, anali woyembekezera. Aliyense wokulira kuno akudziwa kuti munthu wakutali sumuuza imfa mwachindunji, makamaka wapathupi. Umati matenda akula, bwerani, ndipo zoona amakazimvera pakhomo, pali azimayi omugwira. Achibale anachita zomwezo, ndipo Dorcas anali woti akwere ndege mawa lake. Podziwa kuti akhala kusiwa masiku angapo, Jameson anakonzeratu chilengezo cha maliro n'kuchitseka, atawalonjeza achibale kuti sichioneka mpaka mwana afike. Koma Dorcas, mtima uli m'mwamba, anatsegula tsamba la mpingo ali kuntchito, n'kupeza chithunzi cha bambo ake ndi tsiku la kumanda. Anakomoka pomwepo. Atatsitsimuka anaimba foni kusiwa, kufunsa mayi ake chifukwa chimene amunamizira.

Kumbusko anafunsa kuti nanga bwanji sanauzidwe.

“Ndinakutsatirani m'mawa, achimwene,” anatero Jameson. “Munandionetsa msana.”

Sabata yotsatira akuluakulu a mpingo anabwera kuofesi atakwiya, kudzachotsa tsamba lawo ndi kufunsa amene anachita zimenezi. Ine ndinkangoyang'ana Kumbusko, kudikira kuti atsegule pakamwa. Iye anangopitiriza kutaipa, maso pa kompyuta. Jameson ndiye anaimirira n'kunena kuti amene analonjeza achibale ndi iye, choncho mlandu ndi wake. Atatuluka alendowo ndinakawauza a Abbas zimene ndinaona ndi maso anga, koma iwo anati mwiniwake wavomera kale, ndiponso makina amafuna munthu woadziwa. Sanadikire n'komwe kuti chaka chithe. Jameson anatenga jekete lake n'kukwera minibasi ya ku Bangwe.

Kumbusko anatsala yekha ndi seva yake. Anasiya mluzu, anayamba kuwonda, ndipo ine ndinkati mwina chikumbumtima chamugwira. Tsiku lina anabwera padesiki panga, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wina akumvetsera.

“Petronela, tandiuza zoona,” ananong'ona. “Jameson uja pondibisira mlandu, akufuna chiyani kwa ine?”

Ndinamuyang'ana, mkwiyo n'kundithera, m'malo mwake ndinamumvera chisoni. Ankafunsa ndi mtima wonse.