Nachesi wa m'chitini cha penti

A Gerishon amamwa tiyi mu tiirumu yanga m'mawa uliwonse, pampando wa pakona, nkhope kukhoma ngati mwana wolangidwa. Ndi alangizi a zaumoyo, aja oyeza ana kusikelo. Anabwera kuno ku Neno Boma chaka chatha kuchokera ku Nsambe, kumene anakhala pachikamwini zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Nyumba ya malata anamanga okha, manachesi anadzala mitengo makumi anayi. Akazi awo a Stelia atamwalira, alamu anadikira kuti misozi iume kaye, kenako anawasudzula mwaulemu wake: nkhuku, mawu okoma, basi bwererani kwanu. Kwawo kuti? Mayi awo anatisiya kalekale, ankhoswe awonso chimodzimodzi. Ana awiri ali ku Joni, foni amaimba pa Khirisimasi pokha. Tsiku lowasudzulalo, mphasa ya mbali yawo anakhalapo okha. Anachoka ndi njinga, sutikesi, ndi mbande imodzi ya nachesi m'chitini cha penti.

Ndiye chomwe ankafuna chinali chimodzi: nyumba ya dzina lawo, yoti pasadzapezekenso munthu wowauza kuti nyamukani. Anaipeza kuseri kwa msika, ya zipinda zitatu, mwini wake a Davie okonza njinga aja. Banki inavomera kuwapatsa ngongole yoti izidula kumalipiro, nyumbayo ikhale chikole, koma inati pakhale loya wofufuza mapepala a malowo ndi kusintha dzina. Maloya kuno kulibe, onse ali ku Blantyre.

A Davie anati musavutike, ndili naye wanga wotchipa, sabata imodzi zonse zatheka. Ine ndinawauza a Gerishon kuti tengani yemweyo, ndalama ya minibasi mugulire simenti. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Mayi a Tadala," anatero, "munaonapo nkhoswe mmodzi akuyimira mbali zonse ziwiri?"

Iwo loya ankamuona ngati nkhoswe basi, munthu wokhala pamphasa yako. Anavala jekete ya kutchalitchi n'kupita ku Blantyre ndi mayina atatu omwe banki inawapatsa, ndipo funso anali nalo limodzi: kodi mubwera kudzayenda m'malire? Paja kumudzi malo sitipatsana papepala pokha. Anthu amayenda, kuloza mtengo uwu, chulu icho, oyandikana nawo akuona. Loya woyamba anaseka, akuti ntchito yake ndi ya mafayilo. Wachiwiri sanamuone n'komwe, anathera kwa sekilitale. Wachitatu anali mtsikana, dzina lake Clara, kaofesi kake pamwamba pa shopu ya matayala. Anati kuyenda m'malire si ntchito yake kwenikweni, koma akalipira thiransipoti abwera.

Mtengo wake unali wowirikiza kawiri poyerekeza ndi wa loya wa a Davie. Ndinawakalipira a Gerishon, sindibisa. Munthu wodya sikono imodzi tsiku lonse, n'kumakwezera loya minibasi! Iwo anangomwa tiyi wawo.

Clara anafika Lachisanu masana, fumbi mpaka m'nsidze, akutukwana msewu wathuwu chamumtima. Ndinatseka tiirumu n'kuwatsatira, chifukwa a Gerishon analibe wina wowaperekeza. A Davie anali patsogolo, akuyenda mofulumira ngati akuthawa mvula. Titafika pakona ya kuseri, mayi wina woyandikana nawo amene ankayanika zovala anafunsa kuti, "Kodi mukuyeza chiyani pamalo a malemu Felista?"

Clara anaima. "Felista ndi ndani, mayi?"

Anali akazi a a Davie, anamwalira mu Febuluwale. Malowo a Felista anachita kupatsidwa ndi amalume awo. Mapepala analidi m'dzina la a Davie, popeza ndi iwo ankathamanga m'maofesi nthawi imeneyo, koma alamu awo anali atayamba kale kukonza zokasuma kukhoti. Mayiyo anafotokoza zonse, chovala chonyowa chili m'manja. A Davie anangoyang'ana pansi.

Clara anawakokera a Gerishon pambali, koma ine ndinamva. Anati, "Bambo, m'fayilo zonse zikuoneka bwino. Koma mukagula nyumbayi mwagulanso mlandu. Banki izidula malipiro anu mwezi ndi mwezi, inu mukugona kulendi, kudikira khoti. Ine ndili mbali yanu, ndiye ndikukuuzani kuti musasaine."

Sanasaine. A Gerishon anamulipira Clara zake zonse, n'kumuperekeza mpaka pa siteji, atamunyamulira chikwama.

Ine mtima unandipsa koopsa. Ndinamanga chitenje kuti ndikawayalutse a Davie pamsika ponse, anthu adziwe kuti wokonza njinga uja ndi tambwali. A Gerishon anandigwira mkono, chinthu chomwe sanachitepo.

"Asiyeni. Nyumba ija anamanga okha, njerwa anaumba okha. Amafuna atulukeko ndi kanthu asanawasudzule. Ine nzeru imeneyo sinandibwerere."

Ndinakhala pansi. Chisoni chinandigwira, cha onse awiri, ndipo mpaka lero ndikawaona a Davie akupopa tayala ndimasowa kopenya.

Papita miyezi isanu. A Gerishon akadali m'kachipinda kawo ka lendi, nyumba ina yokhala ndi mapepala oyera sinapezeke, ndipo zaka zopuma pantchito zikuyandikira, banki nayo ikudziwa zimenezo. Kalata yomwe Clara anawalembera yowaletsa kugula nyumba ija amayenda nayo m'thumba la malaya. Nthawi zina amamuimbira foni kungomufunsa ngati wadzuka bwino, mtsikanayo n'kuyankha mwaulemu kuti ali pamsonkhano.

Dzulo a Gerishon anabwera ndi nachesi uja atamangirira pakaliyala. Wafika m'chiuno tsopano, mizu yang'amba chitini mpaka yatulukira kunja. Ndinawauza kuti aa, inunso, mtengowu ufa, dzalani kuseri kwa tiirumu kuno, ndiziuthirira madzi otsukira makapu.

"Malo amenewa ndi a ndani?"

"A khonsolo."

Anapukusa mutu. Kenako anandifunsa ngati ndili ndi ndowa yakale yobooka, yokulirapo pang'ono.