A Damiano ndi Nkhope ya Veronika

A Damiano akhala akujambula zithunzi kuno ku Kasina kuyambira ndili mtsikana. Pa ubatizo, pa ukwati, amafika pa njinga yawo, kamera ili m'kachikwama kamene anawasokera akazi awo. Ntchito yawo yeniyeni ndi kulima mbatata ndi kabichi. Kujambula ndi kwa Loweruka ndi Lamulungu. Sayankhulayankhula. Akhoza kukuimika nthawi yaitali osajambula, akungoyang'ana kumwamba kudikira mtambo. Achinyamata anawathawa kale. Amati chithunzi cha a Damiano chimakuonetsa mmene ulili, pomwe foni imayeretsa khungu ndi kufafaniza ziphuphu.

Chaka chatha, mwezi wa Juni, Veronika, mwana wa mng'ono wanga Agatha, anamva kuti kampani ina ya ku Lilongwe yosoka zovala za chitenje ikufuna atsikana aatali oti azivala zovalazo poonetsa ogula. Veronika ndi wamtali kuposa bambo aliyense m'mudzi mwathu, moti kusukulu ankamutcha mlongoti. Analemba mayeso a folomu folo, koma kwa zaka ziwiri ankangothirira kudimba. Anatumiza zithunzi za pafoni, zokonzedwa bwino, atavala wigi. Anamuyankha kuti pazithunzipo sakumuona iyeyo. Atumize zina zosakongoletsa, atavala thalauzi, pofika Lachisanu, apo ayi atenga wina.

Anapita kwa a Damiano. Iwo anawerenga uthengawo kawiri, nati, "Ubwere Lachinayi m'mawa kuseri kwa sitolo ya a Gibson, pali khoma lopaka laimu. Ubwere ndi mayi ako aakulu. Sindijambula mtsikana wovala thalauzi tili awiri."

Mayi aakuluwo ndine. Za thalauzi zinandivuta mumtima, komabe ndinavomera, chifukwa mwanayo ndimamudziwa.

Amene tinalakwitsa ndife azimayi a mumphakati wa kutchalitchi kwathu. Titamva kuti chithunzi chikupita ku Lilongwe, tinachita monga timachitira ndi mkwatibwi. A Rozina, apampando athu, anabweretsa ndolo ndi mkanda. Agatha anamumanga duku lalikulu ndi kumuveka chilundu pamwamba pa thalauzi. Ine ndinamupaka vaselini kumaso ndi m'mikono, poti kuzizira kwa Juni kumasiya khungu lili mbuu. Veronika anayesa kunena kuti sizikufunika, koma mwana angatsutse bwanji azimayi asanu? Tinamuperekeza tonse.

A Damiano atamuona anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Amayi, mwagwira ntchito," anatero. "Koma mkwati ali kuti?"

"Mukufuna mwana wathu akaoneke ngati wochokera kudimba?" anafunsa a Rozina.

"Nanga akuchokera kuti?"

"Inu a Damiano, n'chifukwa chake anthu anakuthawani."

"Anandithawadi. Koma inu a Rozina, mumagula mbatata osamasula thumba? Anthu aja zovala ali nazo, zodzola ali nazo. Akufuna aone msinkhu wa mwanayu, khosi lake, khungu lake."

Nkhope ya a Rozina inaipa, ndipo ndinaona kuti atsala pang'ono kunyamuka ndi ndolo zawo. Apa m'pamene ndinawalemekeza a Damiano. Sanatiuze kuti tivule chilichonse. Anamuimika Veronika pakhoma momwemo, ndi duku ndi mkanda, natiitana tonse kuti tiime m'mbali mwake, a Rozina pafupi penipeni. Anajambula katatu.

"Ichi ndi chanu, chopachika m'nyumba," anatero. "Tsopano tijambule cha alendo. Ndithandizeni beseni ndi sopo."

Ndinamusambitsa ndekha kumaso ndi madzi ofunda amene anatipatsa akazi a a Gibson. Anatsala ndi thalauzi lakuda ndi kamalaya kakuda, tsitsi lake lalifupi, wopanda nsapato. Ankanjenjemera ndi chisanu. Dzuwa linali lowala kwambiri, ndipo a Damiano anakana kujambula mpaka mtambo utaliphimba. Ine ndinatulutsa korona n'kuyamba kupemphera, ndinali pa chizukulu chachiwiri pamene anati, "Tsopano."

"Manja pansi. Usaseke. Yang'ana ine, osati mayi ako. Tembenukira kumanzere."

Zithunzi zinali zinayi zokha: thupi lonse, cham'mbali, nkhope, ndi chimodzi akumwetulira. Agatha atasuzumira pa kamera anaona chipsera cha pachibwano chimene mwanayo anatsala nacho atavulala ali wamng'ono.

"Ichi simungachifufute?"

"Ndingathe. Koma akakafika nacho kumeneko, adzamufunsa kuti wa pachithunzi uja wamusiya kuti."

Anazitumiza masana omwewo. Loweruka ndi Lamulungu Veronika sanadye bwino. Lolemba uthenga unabwera woti apite akamuyese. Anamutenga, ndipo tsopano amapita ku Lilongwe kawiri pamwezi. Masiku enawo ali kudimba ndi mayi ake.

Ndinapita ndekha kukawauza a Damiano. Ndinawapeza akupopera mankhwala m'mbatata. Anatsitsa mpope, napukuta manja pa thalauzi.

"Tithokoze Mulungu," anatero. "Koma mukamuuze asiye kuwerama. Anazolowera zitseko zathu zazifupizi, ndiye amawerama ngakhale pabwalo. Kumeneko ayende choongoka."

Ananyamulanso mpope wawo. Mizere itatu inali itatsala.