Kamera ya pakhonde pa a Jonasi

Laston adakulira ku Mlonyeni akuphwasula mawailesi a anthu, ena osawabwezeretsa n'komwe. Lusolo lidamufikitsa ku Chipata, m'dziko la Zambia, komwe amakonza mafoni. Mayi ake atamwalira, bambo ake, a Jonasi, adakanitsitsa kusamuka. Laston mtima sunkakhala m'malo: nkhalamba yokhala yokha itadwala, angadziwe ndani?

Kunyumba kwa bambo akewo adaika sola, rauta ya intaneti ndi kamera yoloza pakhomo. Koma batire ikatha, rauta inkadzuka ndi adiresi ina, manambala atsopano, foni yake n'kusochera. Adavutika nazo mwezi wathunthu mpaka adapeza njira yomwe amisiri amaitcha DDNS. Adaipatsa nyumbayo dzina losasintha, ndipo manambala akasintha, rauta inkakanena yokha komwe ili. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse iye ndi mkazi wake Benedicta ankaona a Jonasi akutsekula chitseko, kenaka awiriwo n'kumwa tiyi wawo mtima uli zii.

Lachinayi lina chithunzi chidabwera chakuda bii. Rauta inkayankha bwinobwino, koma foni ya bambo inkangoitana. Laston adachita mantha zedi. Adakwera njinga yamoto, pachipata cha malire n'kulephera ngakhale kulemba dzina lake bwino.

Adawapeza a Jonasi akusenda mtedza, foni ili m'thumba la jekete kuchipinda. Kamera idali itakulungidwa ndi thumba la feteleza.

"Bambo, mwandiopsa! Mwaiphimbiranji?"

"Mlongo wako wandiuza kuti apongozi anga nawonso amayang'anamo," adatero a Jonasi osadzutsa mutu. "Ine ndimatuluka wopanda malaya, m'maso mosasamba. Zaka khumi sindinayang'anizane nawo. Lero azindiona chonchi?"

Laston adayang'ana thumba lija. Manambala onse aja adawagonjetsa, koma ichi chokha sadachiganizire, mwana woleredwa pamudzi pomwepo. Adachita manyazi.

"Ndiye ndizidziwa bwanji kuti mwadzuka?"

A Jonasi adaloza kamera ija. "Iweramitse iziyang'ana pansi. Pabwalo ndimasesa ndekha tsiku lililonse."

Adaiweramitsa. Tsopano m'mawa uliwonse ku Chipata, Laston amalemba dzina la nyumba ya kwawo pafoni n'kuona dothi lokhalokha. Amaliyang'anitsitsa, kufunafuna mizere yatsopano ya tsache. Akaipeza, amaika foni m'thumba. Masiku ena imachedwa kuoneka, ndipo tiyi amazizira.