Nkhuku Inapita ndi Mwendo Wanga

Ndikukumbukira kulira kwake kwa fupalo mpaka lero: thyo! ngati phesi louma. Ndinali sitandade sikisi, masiku amenewo ndalama ya kwacha isanabwere. Musandione kutsimphinaku, ntchemberembaye ndinkaitha ine, ndipo wogoletsa pasukulu pathu ndinali ineyo. Tsikulo tinkasewera ndi atsikana a ku Songani, fumbi lili koboo. Ndinadumpha kuwakha mpira, potsika mwendo wamanzere unafikira pachitsa chobisika muudzu.

Abambo, mkulu wa mpingo, anali kuntchito ku Zomba. Amayi sanadikire. Anandibereka, chimtsikana chonse ine, kudutsa m'minda ya mpunga mpaka kwa a Namathanga, nkhalamba yachilomwe yolunga mafupa. M'nyumba mwawo munkanunkha utsi ndi mizu yonyowa. A Namathanga anaitanitsa msoti woyera, n'kuuthyola mwendo wamanzere ine ndikuona. Msotiwo sunalire n'komwe, unangondiyang'ana. Kenako anatipaka mankhwala amodzi, n'kutimanga tonse ndi timitengo ta nsungwi ndi luzi.

"Mwana iwe, nkhukuyi ikadzaponda pansi, nawenso udzaponda," anatero. "Uisamale."

Kusamala kwake! Ndinkadya nayo pakhonde, kuipatsa madeya m'manja, achemwali anga n'kumandinena kuti ndapeza mnzanga wamumtondo. Koma chinkandiopsa n'chakuti ine ndikabuula, nayonso inkanjenjemera. Sabata yachitatu inayamba kugunda pansi ndi chala chimodzi, ine mtima m'malo, n'kumawerenga masiku obwerera pabwalo.

Tsiku lina masana, anthu onse ali kumunda, mudzi unangoti zii. Ngakhale njiwa zinaleka kulira. Msoti uja unatsetserekera pabwalo kutsata chiswe, ine ndikusinza. Ndinangoona chithunzithunzi chikudutsa pansi. Mphamba! Ndinakuwa, ndinakwawa, koma inali itanyamuka nawo kale msotiwo, kulunjika kuphiri kumene kunali nkhungu, timitengo ta nsungwi tikulendewera. Mwendo wanga unazizira pomwepo ngati ndauviika mumtsinje wa Domasi mwezi wa Juni.

Amayi anathamangira kwa a Namathanga ndi nkhuku ina. Iwo anangopukusa mutu.

"Msoti uja wapita nawo mwendowo, mayi. Mwendo sauthyola kawiri."

Abambo atamva anakalipa koopsa, n'kunditengera kuchipatala panjinga. Adokotala anati tachedwa, fupa lagwirana mokhota. Sindinasewerenso. Wenzulo ikalira kusukulu ndinkatseka makutu, ndipo anzanga ndinkadana nawo chifukwa chongothamanga basi. Zaka zambiri sindinaimbe mlandu chitsa, kapena amayi, kapena nkhalamba ija. Ndinkati wolakwa ndine, ndinasinza.

Lero zinthu zinasintha. Mdzukulu wanga atathyoka dzanja anamujambula fupa, n'kumuika pulasitala, pano akuponya mpira ngati palibe chinachitika. Ndikamuuza za msoti amaseka mpaka misozi, nanenso ndimaseka naye. Koma mphamba ikamayandikira mudzi uno, mwendowu umazizira nkhuku zisanayambe n'kulira komwe. Ndimatuluka ndi ndodo yanga, n'kuyang'ana kumwamba, kuona ngati m'zikhadabo zake mukadali timitengo ta nsungwi.